Njinga ya Adokotala a Ziweto Yabweranso

Lachiwiri, 9 Julaye

Okondedwa alamu,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi apabanja anu onse, ndiponso kuti msana umene ndinamva kuti ukukuvutani wayamba kumva mankhwala. Ife kuno tilipo. Nambala yanu ya foni ndili nayo, ndipo sabata ino ndaiyang'ana kangapo, koma ndikudzidziwa ndekha. Mukanangoti "halo" ndikanayamba kufunsa za mvula ndi za ana mpaka kutsanzikana osanena chimene ndaimbira. N'chifukwa chake ndatenga pepala. Ndikulembera pa benchi ya pagalaja nthawi ya nkhomaliro, choncho mukaona zidindo za zala m'mbali musadabwe.

Galaja ikuyenda pang'onopang'ono. Chimwalirire abwana ndasintha denga lokha, zina zonse zili mmene munazisiyira, ngakhale chitseko chakumbuyo chija chimafunabe phewa kuti chitseguke. Mwana wathu woyamba, amene munamusiya ali wakhanda, wakwanitsa zaka makumi awiri ndi zitatu mwezi wathawu, ndipo anthu akuti akamaseka amafanana ndi inu.

Nkhani imene ndalembera ndi iyi. Njinga yamoto ya adokotala a ziweto yabweranso pagalaja pano. Ndi yomwe ija, yakuda, ya masilinda awiri, imene imayamba ndi kutsokomola isanalire. Inabwera pa lole milungu iwiri yapitayo itagona m'shedi zaka zambiri. Adokotala anapuma ntchito kalekale, akuyendera ndodo, ndipo mwendo wamanzere uja sunawongokenso. Anabwera ndi mwana wawo wamkazi womaliza, amene waphunziranso ntchito ya bambo ake ndipo amutumiza kukagwira kumafamu kumene misewu ndi yoipa. Iyeyo ndiye akuifuna njingayo. Bambo ake anamuuza kuti apeze yamakono, yopepuka, koma iye akuti anakula akuipukuta fumbi ndipo sakwera ina.

Ndinatsuka thanki ndi kabuleta, ndinasintha mapulagi ndi batire, ndipo inalira nditaponda kachitatu. Injini ija idakali ndi moyo, alamu. Koma matenda ake akale aja sanathe. Ikangoima tsiku limodzi, oyilo m'thanki yake ya oyilo amatsika zala ziwiri pamene pansi pali pouma. Yense amatsikira mu injini, n'kudutsa pa kavalavu kaja ka pakhoma lolekanitsa injini ndi chipinda cha tcheni ndi klatchi, n'kukadzaza kumeneko. Klatchi ikusambira. Pachitunda injini imangokuwa njinga osapita, ndipo gasiketi ya chivundikiro yayamba kuchita thukuta. Valavu imene abwana anaikamo itachitika ngozi ija yadyeka, sikutsekanso. Ndinaichotsa, ndinaiviika mu palafini, ndinaipopera mphepo, ndinaibwezeramo, koma palibe chasintha. Yatsopano ndafunsa m'mashopu onse a zipangizo ndi kwa ogulitsa zitsulo zakale. Ambiri sanaimvepo n'komwe.

Ndiye ndinawakhazika pansi awiriwo n'kuwauza kuti njira zatsala ziwiri. Yoyamba ndi kuisiya valavuyo mmene ilili, mtsikanayo azikhutula oyilo wosefukira sabata iliyonse n'kumapirira klatchi yoterera. Yachiwiri ndi kuitseka ndi kabawuti, kuti injini ikhale ndi oyilo wake, chipinda cha tcheni chikhalenso ndi wake, monga munachitira inu nthawi ija. Ndisanamalize n'komwe, adokotala anagogoda pansi ndi ndodo.

"Chitani china chilichonse, bambo, koma kabowo kaja musakatseke. Mnzanu uja anakatseka, ndipo onani mmene ndikuyendera."

Ndinangogwedeza mutu monga ndakhala ndikuchitira nthawi zonse nkhaniyi ikatuluka. Koma mwana wawo anabweranso yekha m'mawa mwake ali ndi buku la njingayo, lija lopanda chikuto. Anagwada pambali pa injini, akuwerenga uku akuloza ndi chala, kenako anandiyang'ana.

"Amakaniko, pali chimene sindikumvetsa. Chipindachi chili ndi pothirira oyilo pakepake, ndi kabawuti koonera mlingo. Ngati munthu watseka valavu n'kuthiramo oyilo wokwanira, tcheni chingaume bwanji tsiku limodzi lokha?"

Sankandikola ayi, ankangofuna kudziwa. Ndinamuyankha kuti injini zakale zili ndi makhalidwe awoawo, n'kuwerama ngati ndikufuna sipanala, pamene sipanalayo inali m'dzanja langa lomwe.

Alamu, yankho la funso lake ndakhala nalo zaka makumi awiri ndi zitatu. Tsiku lija munatseka valavu m'mawa, ntchito yaukhondo, ndinaiona ndi maso anga. Kenako abwana anakutumani kukakoka galimoto imene inafera panjira, ndipo munandisiyira ziwiri zokha: kutseka chivundikiro ndi kuthira oyilo m'chipinda cha tcheni. Chigubu cha oyiloyo munachiika nokha pa benchi. Ndinaika gasiketi, ndinamanga mabawuti onse, ndipo ndikumanga womaliza kunabwera uthenga woti mkazi wanga, mlongo wanu, apita naye kuchipatala, matenda a uchembere ayamba. Ndinasamba m'manja n'kuthamanga. M'mawa mwake adokotala anabwera kudzatenga njinga ine kulibe. Inu munaona chivundikiro chili chomanga bwino, munawapatsa makiyi. Mukudziwa zimene zinatsatira: tcheni chinatentha, chinaduka, chinamanga tayala lakumbuyo potsetsereka paja, ndipo anawatola m'ngalande.

Nditabwerera kuntchito tsiku lachitatu, ndisanamve n'komwe za ngoziyo, ndinaona chigubu chija pansi pa benchi, pamene wosesa anachikankhira. Ndinachinyamula, chinali cholemera, chosatsegula. Nditamva zimene zachitika, ndinadikira kuti nonse mutuluke, ndinakhutulira oyiloyo mu dilamu ya oyilo wakutha, chigubu n'kuchiponya pa mulu wa zinyalala. Kuiwala kuja ndimatha kudzikhululukira masiku ena. Kukhutula kuja ayi, chifukwa ndinachita ndili ndi nzeru zanga zonse.

Abwana atatiitana mu ofesi anandifunsa ngati ndinathira, ine ndinati ndinathira. Iwo kutseka valavu anali asanakukondepo chiyambire, ankati amene anapanga injini sanali opusa, ndiye sanafunenso kufufuza. Anati oyilo wanga anatayika kapena anapsa, ndipo valavu ikanakhala yotsegula, wa mu injini akanadutsa n'kupulumutsa tcheni. Mbali yomalizayi inali yoona, ndipo ndi imene ndakhala ndikubisalamo. Valavu yodontha ija ikanabisa kulakwa kwanga. Ntchito yanu inali yabwino kwambiri moti sinasiye pobisala.

Mu ofesi muja munandiyang'ana kamodzi kokha, kenako munavula ovolo n'kuipachika pa msomali. Ndakhala ndikudzifunsa ngati munadziwa. Mwina munawerengera kuti mlongo wanu ali ndi khanda la masiku atatu, ndipo mmodzi mwa ife awiri ayenera kutsala pantchito. Ngati ndi choncho, ndiye kuti nthawi zonse zimene mwabwera kumaliro n'kundipatsa moni wa dzanja, n'kunyamuka tsiku lomwelo, munkadziwa amene mukumugwira dzanja. Sindikudziwa chimene chikundiwawa kwambiri, kuti munadziwa kapena kuti simunadziwe.

Funso la mtsikana uja linandisautsa masiku awiri. Ndinaona kuti ndikapitiriza kukhala chete, ndimupatsa njinga ya klatchi yoterera kuti azikwera nayo mapiri, pongofuna kuti bodza langa lisaululike. Bambo ake ndinawapundula kale, sindikanatha kumuikanso iye pangozi. Lachisanu masana ndinatseka galaja n'kupita kunyumba kwawo. Ndinawapeza adokotala pakhonde, mwendo atausanjika pa kampando, mwana wawo akuchapa majombo pampopi. Ndinakana tiyi. Ndinafotokoza zonse monga ndakulemberani pano, chigubu ndi dilamu yomwe.

Adokotala anatembenukira kumpanda. Ndinkayembekeza kuti anditukwana, ndipo zikanandipepukira. M'malo mwake anafunsa ngati muli moyo, ndi kumene muli. Nditawauza kuti munapita kutali ndipo munathera pa kukonza mapampu a madzi chifukwa kuno palibe galaja imene inakulandirani, anagwira pakamwa.

"Amene anachititsa zimenezo ndine," anatero. "Nditatuluka m'chipatala ndinayenda ndi ndodo ziwiri galaja iliyonse, kuwauza kuti munthu ameneyo asamulembe. Ndinkaona ngati ndikupulumutsa anthu."

Mwana wawo anali ataima ndi jombo m'manja, madzi akungotayika pampopi. Iye ndiye anakwiya poyera. Anati mawa lomwe atumiza lole kudzatenga njinga, sangaisiye m'manja mwa munthu ngati ine, ndipo sindinamutsutse. Koma bambo ake anakana. Anati njinga ikhale pomwe ili, ndisaikhudze, ndikulembereni inu ndikufunseni ngati valavuyo itsekedwe kapena ayi, ndipo chimene munene ndi chomwe chichitike. Za kukhululuka sanatchule, ndipo potsanzika sanandipatse dzanja. Anangondiuza kuti adilesi yanu akuifunanso iwo.

Chovuta kwambiri chinali kunyumba. Mlongo wanu ndinamuuza Loweruka m'mawa akusita. Anamvetsera mpaka kumapeto, anazimitsa simbi, anapinda malaya anga amene anali pathebulo bwinobwino monga amachitira nthawi zonse. Kenako anandikumbutsa za mayi anu, mmene ankafunsira ali pa bedi m'chipatala kuti mwana wawo wamwamuna analakwa chiyani kuti azikhala kutali chonchi ngati wothawa.

"Inu munali mutaima pomwepo, mutanyamula botolo la madzi," anatero. "Munamva, ndipo munangoti ntchito ndi imene imamutanganitsa."

Kuyambira tsiku limenelo chakudya ndikuchipeza pathebulo chovundikira, iye amadyera kukhitchini. Sanalongedze katundu, sanakweze mawu. Akandifuna amalankhula ndi khoma limene lili pafupi nane. Inu mukumudziwa kuposa ine, mwina mungandiuze ngati zimenezi zimatha. Dzulo ndinapeza kapepala pa pilo wanga, atalembapo adilesi yanu ndi dzanja lake, popanda mawu ena. Ndi imene ndalemba pa envelopuyi.

Tsono ndibwerere ku njinga, poti ndi imene andituma. Maganizo anga ndi oti itsekedwe. Valavu ija opanga injini anaiika kuti oyilo wochuluka m'chipinda cha tcheni azibwerera mu injini, ndi kuti mpweya uzipeza podutsa. Ikadali yatsopano imagwira ntchito yake, ndipo ndikanapeza yatsopano sindikanavutika n'kuganiza. Koma yakutha imachita zosiyana ndi zimene anaipangira, ndipo imabweretsanso tizitsulo ta klatchi mu oyilo wa injini. Chimene chikundikayikitsa ndi mpweya. Tikatseka, chipindacho chikatentha chidzapumira kuti? Ndikuopa kuti chidzakankha gasiketi kapena kulavulira oyilo pa tayala. Ndikukumbuka kuti munaboola kabowo kakang'ono n'kuikapo kapaipi, koma chivundikiro chimenecho chinasweka pa ngozi ija, ndipo sindikukumbuka ngati munaboola pamwamba penipeni kapena chakumbuyo. Sindikukumbukanso ngati kabawuti kotsekera munangokamanga ndi mankhwala omatira kapena munakawotcherera. Nthawi imeneyo ndinkangoona manja anu akuyenda, osafunsa, poganiza kuti mudzakhalapo nthawi zonse.

Ngati mungafune kuyankha za valavu zokha, yankhani zimenezo, mizere iwiri yakwana, kapena jambulani pa kapepala pamene paipi iyenera kukhala. Mukafuna kulembera adokotala mwachindunji osadzera kwa ine, ndaika adilesi yawo kuseri kwa tsambali. Ndipo ngati mungafune kudzaigwira nokha ntchitoyo, benchi ilipo, zipangizo zilipo, ine ndikhoza kukhala panja tsiku limenelo. Zinazo sindikupempha. Ndayesa kulemba chiganizo chopempha katatu pa pepala lina, ndipo nthawi zonse chimaoneka ngati ndikukusenzetsaninso katundu wina.

Njinga ndaiphimba ndi lona pakona ya kumanzere. Mtsikana uja ayamba ntchito kumayambiriro a mwezi wamawa, ndipo amadutsa pano masiku ena kudzaona ngati ndasunga mawu a bambo ake. Salowa, amangosuzumira pakhomo.

Mundiperekere moni kwa akazi anu ndi kwa ana, makamaka wamkulu uja amene sindinamuonepo chibadwire. Ana athu kuno akupereka moni kwa amalume awo. Iwo sanamvebe, ndiwauza Lamulungu akabwera onse, ndipo woyamba uja ndidzamuuza payekha, chifukwa nkhaniyi inayamba tsiku lake lobadwa ndipo sindikufuna aganize kuti ili ndi mbali yake. M'mawa uno ndinafunsa mlongo wanu ngati ndilembe moni wake monga ndimachitira pa makhadi a chaka chilichonse. Kwa nthawi yoyamba chichokere Loweruka anandiyang'ana m'maso. Anati ndisalembe, moni wake sudzadutsanso mwa ine, akulemberani yekha.

Choncho moni uli m'kalatayi ndi wanga ndekha. Muulandire ngati mungathe.

Ndine mlamu wanu,
amene munamuphunzitsa kugwira sipanala.