Andichiritsa pa Mtendere

Loweruka, mwezi wa Juni. Tsiku la lero landipsetsa mtima.

Mpikisano wa mtunda wautali watsala masabata atatu, ndiye ndimafuna kupalasa maola asanu osaima. Njinga yanga ndi yopalasa chogona, miyendo kutsogolo, chifukwa pa njinga wamba msana umandipweteka.

Nditafika pa Mtendere, tcheni cha njinga chinachoka. Ndisanadzuke n'komwe, amayi ochokera kumapemphero anandizinga, poyesa kuti ndi njinga ya olumala. Wamkulu wawo anandigwira pamutu: "Ambuye, onani mwana wanu, miyendo ali nayo koma siyenda!" Ndinati, "Amayi, nili chabe bwino," koma mawu anga anamira m'nyimbo.

Nditaimirira kuti ndikonze tcheni, anaimba nthungululu. Wina anajambula pa foni. Maola asanu aja anathera pomwepo.

Madzulo ano ba Mulenga, oyandikana nane nyumba, amene amandiona ndikuyenda tsiku lililonse, aona zojambulidwa pa foni zija, ndipo abwera kudzafunsa komwe amayiwo amapemphera. Akuti bondo likuwavuta.

Miyezi isanu ndakhala ndikudzuka m'mamawa, ntchafu izi ndazilimbitsa ndi thukuta langa. Lero zasanduka umboni wa anthu ena.