Mizu ya Amake Tisa

Lachinayi, mwezi wa Okutobala. Kwatentha koopsa, mutu ukundiwawa.

Lero ku labu taona zotsatira za mizu ija anandipatsa Amake Tisa, neba wanga wodwala khansa ya m'bere. Madzi a mizuyo apha maselo a khansa m'timbale tonse. Koma aphanso maselo abwinobwino, mwachangu kuposa a khansawo. Ndi poizoni basi. Kuyezanso sitingathe, mankhwala oyezera anatha ndipo abwana akuti ndalama zoitanitsira ena kulibe.

Nditatsika minibasi kwathu mu komboni ya George ndinapeza Amake Tisa pamzere wa madzi, atakhala pachigubu, ataonda zomvetsa chisoni.

"Ba Phiri, mwapeza chani mu vimakina vanu?"

Ndinati, "Yapha khansa, amayi, koma..."

Sanadikire. Anakweza manja kumwamba, nthungululu, azimayi onse pamzere kuwomba m'manja. Miyezi isanu ndisanawaone akuseka. Kuchipatala amangowapatsa panado n'kuwabweza. Ndinatseka pakamwa, chitsiru ine, sukulu yonseyi.

Amamwa kapu ya madzi a mizuyo katatu patsiku. Tsopano akuti awonjezera.

Nyumba zathu khoma ndi limodzi. Pamene ndikulemba pano ndikumva mtondo, amuna awo akusinja mizu ina. Ndavala nsapato kawiri kuti ndikawauze zoona, kawiri konse ndavulanso.