Zigamba Zoyera za a Dipuloma

Lolemba, 9 Juni

Stika yofiira ya kubutchala yatuluka m'makina ili zidutswazidutswa, ngati adya makoswe. Mamita atatu. Ng'ombe ya pachikwangwani yadulidwa pakhosi, pamimba ndi pamchira. Mwina makina anati awachepetsere ntchito a butchala.

Bwana abwera, ayang'ana ng'ombe, ayang'ana ine. Mlamu wawo, amene anajambula, sanamuyang'ane. Akuti mwina kampeni kabuntha, mwina ndinaika stika mokhota. Zaka zisanu ndi zinayi ndikudula zilembo m'shopu muno, lero ndiye ndaiwala kuika stika.

A Dipuloma (mlamu yemweyo, dzina la mumtima mwanga, poti pepala lawo la kusukulu analikhoma pamwamba pa kompyuta tsiku loyamba lomwe) atembenuza sikirini kuti Bwana aone. Ng'ombe ili bwinobwino, yonenepa, yopanda bala. "Alamu, onani nokha. Kuno kulibe vuto. Vuto lili kuseriko." Kuseriko ndi ine ndi makina odulira, kumbuyo kwa khoma la matabwa.

Mawu a Bwana: mpukutu wina wa stika ukaonongeka, ndikapume kunyumba.

Lachiwiri, 10 Juni

Zidutswa za ng'ombe ndinabwera nazo kunyumba. Ndaziyala patebulo n'kumazilumikiza. Bambo a ana afunsa ngati lero tidyera pansi.

Mabala onse ndi owongoka, a makona anayi. Kampeni kobuntha sikadula makona anayi. Ndikudziwa chimene chachitika, ndipo ndakhala ndikuchidziwa. A Dipuloma akalakwitsa pojambula safufuta. Amajambula kabokosi, n'kukadzaza utoto woyera, n'kukachotsera mzere wa m'mbali, n'kukaika pamwamba pa cholakwikacho. Pa sikirini yoyera kabokosi koyera sikaoneka. Chigamba basi. Koma makina saona utoto. Amatsata mzere uliwonse umene uli m'fayilo, wooneka ndi wobisika womwe.

Kupusa kwanga nkwakuti miyezi itatu yonseyi ndimadikira apite kukadya, ine n'kukhala pa kompyuta, n'kumatola zigambazo chimodzichimodzi, nkhomaliro yanga ikuzizira m'bakuli. Ntchito ikatuluka bwino, Bwana amati mlamu wawo ali ndi dzanja. Sabata yatha munthuyo waika pasiwedi, akuti pali anthu akumagwira mafayilo ake. Anthuwo ndine. Kompyutayo ndinaitulutsa m'katoni ndine, ndinaiphunzira ndekha ndi kabuku kake, iye asanadziwe kumene shopuyi yayang'ana.

Lachitatu, 11 Juni

Ndawapeza Bwana ali okha m'mawa, akumwa tiyi. Ndalongosola mwaulemu, manja kumbuyo. Ndati chilichonse chojambulidwa pa kompyuta chimavala zinthu ziwiri, mzere wa m'mbali ndi utoto wa m'kati. Mzerewo mukhoza kuunenepetsa, utotowo mukhoza kuusintha, koma zonsezo ndi zovala chabe. Makina amadula thupi. Ndati pali batani limodzi, mukalidina zovala zonse zimachoka, pamatsala mizere yokhayokha. Andilole ndilidine kamodzi kokha iwo akuona.

Akuti, "Mayi, mwana uja anaphunzira zimenezi zaka ziwiri."

Mwanayo ali ndi dazi.

Kenako motsitsa mawu, "Komanso mukudziwa mmene kunyumba kwanga kulili." Ndikudziwa. A Dipuloma ndi mlongo wawo wa Madamu, akazi a Bwana, ndipo Madamu akayetsemula m'shopu muno timafunda tonse.

Masana kwabwera mayi wa saluni yatsopano ya pafupi ndi depoti. Akutsegula Loweruka. Akufuna dzina la saluni pagalasi lakutsogolo, ndi sizasi ndi chipeso m'mbali. Stika abwera nayo okha, yagolide, mpukutu umodzi, anawatumizira mng'ono wawo wa kunja. Auika patebulo ngati akugoneka khanda. Utalika wake ndi wokwanira kudula kamodzi. Kachiwiri kulibe.

Ndimasuzumira pampata wa matabwa. Mayiyo ati zilembo zaonda. A Dipuloma: "Mukufuna zonenepa? Taonani." Angokweza mzere wa m'mbali, kukweza, kukweza, zilembo n'kutupa pa sikirini ngati zalumidwa ndi njuchi. Mayiyo mpaka kuomba m'manja. Kunenepa kumeneko ndi jekete. Kampeni kadzatsata kamzere kenikeni ka pakati, zilembo zidzatuluka ngati miyendo ya udzudzu.

Tidula Lachisanu m'mawa. Mayiyo akuti abwera kudzaonerera.

Lachinayi, 12 Juni

Ndawapempha a Dipuloma andionetse fayilo. Akuti, "Anti, aliyense pamalo pake. Ine kumakina kwanu ndimafikako?"

Anti. Timasiyana zaka zinayi.

Bambo a ana akuti ndingoti ndadwala, golideyo adule wina. Akuti mlamu wa bwana ndi bwana, wamkulu sawuzidwa. Ndawafunsa kuti nanga mayi wa saluni walakwa chiyani. Apita kukachapa njinga yawo yochapachapa kale.

Koma mawu a a Dipuloma andithandiza. Zoonadi kumakina safikako. Iwo amangodina kuti fayilo ipite, chimene chili pamutu pa makina amadziwa ndine.

Ndafukula m'dirowa ya pansi. Kachitsulo kogwirira cholembera kanabwera ndi makinawa kakadalipo, m'kapepala kake. Umachotsa kampeni, n'kuikapo cholembera, makina m'malo modula amajambula. Cholembera chake chinauma kalekale. Ndakulunga tepi pa bolopeni yabuluu mpaka yagwira. Pepala ndadula pa mpukutu wokulungira katundu, utalika wofanana ndi golide.

Ngati fayilo ili yoyera ulendo uno, ndiye kuti ndachita chipongwe pamaso pa kasitomala, ndipo ndidzanyamula kapu yanga n'kumapita. Ndikadula golide n'kuonongeka, ndipitanso. Njira zonse zikupita kunyumba. Bola ndipite nditaona.

Lachisanu, 13 Juni

Ndilembe mwadongosolo, mutu ukadali kuzungulira.

Mayi wa saluni anafika ndi duku latsopano. Bwana anawapatsa mpando. A Dipuloma anafuula osatembenuka, "Kuseriko, mwakonzeka?" Ndinati ndakonzeka. Golide anali pashelefu, m'pepala lake, osamasula.

Makina anayamba. Bwana amadziwa kulira kwa kampeni pa stika, ndiye sipanathe mphindi anasuzumira kuseri. "Mayi, ichi n'chiyani?" Ndinati ndikuyesa kaye, poti mpukutu ndi umodzi. Anatsegula pakamwa kuti akalipe, koma mayi wa saluni anali atafika kale pambali pawo, akuti nawo aone.

Bolopeni inayamba ndi zilembo. Miyendo ya udzudzu, monga ndinanenera. Mayiyo anati, "Si izi ndinaona dzana." Kenako mabokosi. Kabokosi pa sizasi, kena pamwamba pa komweko, kena pa chipeso. Sizasi ina yokhota imene anaikana n'kuikwirira. Bolopeni imangopita n'kubwerera, ngati nkhuku yofukula padzala.

Kenako inajambula bokosi lalikulu, kuzungulira pepala lonse. M'kati mwake inayamba mzere wokhota umene sindinauyembekezere ngakhale ine. Nyanga. Khutu. Linunda. Ng'ombe ya kubutchala, yathunthu, mchira womwe, itaima pansi pa dzina la saluni. Munthu uja sanatsegule fayilo yatsopano. Anangoifunditsa ng'ombe nsalu yoyera n'kujambula saluni pamsana pake.

Mayiyo anayang'anitsitsa, kenako anafunsa mofatsa, "Kodi iyiyi ibwera kudzalukitsa kapena kudzawotcha?"

Sindinaseke. Ndinaluma tsaya m'kati mpaka tsopano likupweteka.

A Dipuloma anati makina ali ndi vairasi. Akuti mwina ndinasunga ng'ombeyo m'makinamo dala. Bwana anayang'anitsitsa nyanga. Kenako, "Alamu, tadzukani kaye pampandopo."

Ndinakhala. Ndinadina batani lija. Utoto wonse unachoka pa sikirini, panatsala zimene zinali papepala, mzere ndi mzere, ng'ombe ili pakati. Ndinatola zigamba makumi atatu ndi chimodzi, ndimawerenga mokweza pang'ono. Ng'ombe ndinaitulutsa. Mzere wonenepa wa zilembo ndinausandutsa thupi lenileni, kuti kampeni kadutse m'mphepete mwa kunenepako. Pomwe zilembo zimakwerana ndinazilumikiza zikhale chimodzi. Ndinayesanso ndi bolopeni, mayiyo anavomera, ndiyeno ndinamasula golide. Watuluka wopanda ndi bala limodzi lomwe.

Mayiyo atapita, Bwana anabwera kuseri. Ndimati mwina pepani akubwera. Akuti, "Koma mayi, bwanji simunanene?"

Bwanji sindinanene. Lachitatu tiyi uja amamwa ndi makutu?

Awonjezera kuti zoterezi sitichitira pamaso pa kasitomala, ndipo tikambirana Lolemba. Pepala la ng'ombe amafuna alikwinye. Ndalipinda bwinobwino, lili m'chikwama mwanga.

Loweruka, 14 Juni

Ndinapita ndekha kusaluni kukamata zilembo. Galasi ndinalitsuka kawiri. Zilembo zakhala mowongoka, dzuwa likawomba mpaka anthu a padepoti kutembenuka. Mayiyo akuti ndidzapite andiluke tsiku lililonse limene ndifune, koma mnzanga wa nyanga ndimusiye kunyumba.

Pobwerera ndinadutsa pashopu. Galimoto ya Madamu inali panja, chitseko chotseka. Sindinagogode.

Lamulungu, 15 Juni

Ana apeza pepala, akupaka ng'ombe makrayoni. Ndawasiya. Mawa sindikudziwa ngati ndikupita kuntchito kapena kukatenga kapu.

Lolemba, 16 Juni

Ndinalawira. Dipuloma ikadali pakhoma, pamalo pake. Kapu yanga ndinaipeza pa tebulo la kompyuta, osati kuseri, ndipo pansi pake panali kapepala, kalembedwe ka Bwana. Pasiwedi. Ndi dzina la a Dipuloma lomwe ndi chaka chimene anamaliza sukulu. Sabata ziwiri ndavutika ndi chitseko chotsekedwa ndi ulusi.

Bwana alowa akuyang'ana foni. Akuti kuyambira lero fayilo iliyonse izidutsa m'manja mwanga, ndipo alamu awo ayambe athandiza kumakina kuti adziwe mbali zonse za ntchito. Anena mawu amenewa mosamala, ngati awaloweza m'galimoto. Pepani sanabwere naye. Ndasiya kumudikira.

A Dipuloma afika mochedwa, moni wa m'mphuno, alunjika kuseri. Kenako phokoso la dirowa, chitsulo chagwa pansi.

"Asisi," mawu atulukira pampata wa matabwa, otsika. "Kampeni kamalowa mbali iti?"

Ndati ndikubwera, asagwire kunsonga.

Mpando wa pa kompyuta anaukweza kwambiri, mapazi anga samafika pansi. Ndayamba ndautsitsa.