Pikapu ya Alamu Yakana Bokosi

Lachinayi, mwezi wa Febuluwale. Matope okhaokha, ndipo mtima ukuwirabe.

Lero pikapu yatsopano ya alamu anga yadzionetsa. Pogula ndinawauza ine: "Alamu, tengani ya zitseko ziwiri, yaitali kumbuyo, yokoka ndi matayala onse anayi. Njira ya Mitundu kukatulukira ku Nathenje ilibe phula." Anandiseka. Anasankha ya zitseko zinayi, mipando yachikopa, matayala onyezimira ngati mbale za paukwati.

M'mawa tinaipempha ikatenge thupi la azakhali kuchipatala. Bokosi linakana kulowa lonse, poti kumbuyoko n'kwakufupi ngati lichero. Tinachita kumanga ndi chingwe, kumiyendo kuli panja. Titafika padambo, galimoto inatitimira. Ife tikukankha, eni ake ali phee m'kati, akudinadina mabatani, kuopa kudetsa nsapato.

Adzukulu anadikira kumanda mpaka madzulo. Azakhali anafika kwawo pa ngolo ya ng'ombe ziwiri.

Titachoka kumanda, funso loyamba la alamu: "Kodi bokosi lija silinakande penti?"

Penti! Chikhala kuti sitili pamaliro, ine lero ndikanawa...