Chipepala cha wailesi ya ova-ova

Lachitatu, Januwale. Tsiku loipa, mutu ukungowawa.

Kunabwera a Nyirenda a ku ofesi ya mawailesi, pa njinga yamoto, matope mpaka m'mawondo. Nkhani ndi ya Lolemba lija, pamene ndinatenga wailesi ya ova-ova ya pa kachipatala kathu, yolankhulirana ndi zipatala zina, n'kutumiza uthenga kwa achibale ku Migowi kuti alamu anga atisiya. Adokotala kunalibe, makiyi anali ndi ine mlonda.

Ndinawauza kuti uthenga wa maliro sufuna chilolezo. Iwo analoza chipepala chili pakhoma. "Madala, laisensi iyi munaiwerengapo?"

"Ndine ndinaiika m'fulemu," ndinatero. Ine ndinkayesa ndi setifiketi yotiyamikira. Chizungu changa chinathera Sitandade 4.

Akuti chipepalacho chimanena kuti wailesiyi ndi ya nkhani za odwala basi, ndipo zipatala zonse zimalankhulira pa njira imodzi, wina akamalankhula ena amadikira. Mmene ine ndinkatchula mayina a achibale mmodzimmodzi, akuti ku chipatala china mayi wina ankadikira kuti amuitanire ambulansi. Zimenezo zandilasa. Sindinafunse kuti zinatha bwanji, ndinaopa.

A Nyirenda azula cholankhulira cha wailesiyo n'kupita nacho, akuti Lachisanu atiuza ngati chibwerere. Ndinawapempha kuti andichotse ntchito ineyo, wailesi aisiye. Anangoti, "Wolamula si ine, madala."

Ambulansi siibwera kuno popanda kuitanidwa, ndipo mitsinje yadzaza, njinga yonyamula wodwala singawoloke. Mpongozi wanga ali ndi pakati, mwezi wake ndi uno. Madzulo ano wayamba kugwira msana, ndiye Lachisanulo...