Ati Fulemu Inasweka

Gulu: Banja lathu

LOLEMBA

Ine 06:02
alamu njinga yatha? ndinabweretsa loweruka kudzangothira girisi ndi kukunga tcheni. lero ndi lolemba

Ine 06:19
alamu

Alamu 06:31
mwadzuka bwnj alamu. pali kankhani

Alamu 06:33
[mawu 0:19] Eee, alamu, nditaitembenuza ndapeza fulemu inasweka, pansi pa chishalo apa. Mng'alu wake ngolowa chala. Kuwotcherera sikungatheke, chitsulo chatopa. Yakalamba ngati mwini wake, hehe.

Ine 06:35
mwini wake amakwera chitunda cha kumsika osatsika. inu masitepe atatu mumapuma kawiri

Ine 06:35
jambulani ndione

Alamu 06:40
kamera inafa

Chisamba 06:42
adadi mwawamva amalume. kwerani minibus. ndatumiza ya transport pa foni yanu

Ine 06:44
zaka 22 kondakitala sanalawepo changa

Chisamba 06:45
ayamba lero 😂 fulumirani, makalata a abwana anu sayenda okha

Ine 08:06
ndafika

Chisamba 08:07
8?? mmafika 7:10 daily

Ine 08:09
pa njinga mayi. pa njinga

LACHITATU

Ine 08:21
ndafika. andikhazika pa injini, kumbuyo kwapsa. mayi wina wandisanjika beseni la tomato pamiyendo osapempha nkomwe

Chisamba 08:24
kkkk muzolowera

Ine 08:30
mzere wa magalimoto wa pa mlatho uja ndimaudutsa ndikuimba mluzu. lero ndakhala momwemo nkumawerenga mapolo a magetsi

Ine 08:31
alamu ngati yafa ndipatseni mtembo. ndikufuna belu, kaliyala ndi matayala, matayalawo ndi atsopano. ndipeza fulemu ina

Chisamba 10:52
adadi atibweretsera wina ku wodi pompano. wa njinga. lole yamugunda pa raundabauti. msinkhu wanu

Ine 10:58
Mulungu amuchiritse. raundabauti ija ine ndimatsika nkukankha, ukudziwa

Ine 12:15
alamu zitsulo zanga

Alamu 15:47
pepani alamu anatenga ogula zitsulo zakutha aja. inali kungodzaza malo mu shedi

Ine 15:48
osandifunsa?

Ine 16:30
alamu

Chisamba 16:41
zisiyeni adadi, bp ikwera. ndatumiza ina ya mawa ndi mkuja

Ine 16:50
zikomo mwana wanga. ukundisunga

LACHISANU

Ine 08:12
ndafika

Ine 12:38
[chithunzi]

Ine 12:39
alamu yanga kamera sinafe. onani bwino

Ine 12:44
[mawu 0:58] Andituma ndi kalata, ndikuyenda wapansi, ndaima pa maloboti. Ndikumva belu kumbuyo. Belu langa lija, losasa mawu ngati tambala wachimfine. Kucheuka, bambo wina wasanja mathireyi a mazira khumi ndi awiri pa kaliyala, akupalasa bwinobwino. Mwaipaka penti yabuluu, alamu, mwachita khama. Koma tizitsulo tiwiri ta kumbuyo mwaiwala kudula. Topondapo mwana tija. Munawotcherera ndinu nomwe, chaka chimene mwana wangayu anayamba sukulu, kuti mapazi asalowe m'masipoko. Ndamuimitsa. Ndagwada pamsewu pomwepo, anthu akundiyang'ana, ndapapasa fulemu yonse ndi chala. Mng'alu palibe.

Ine 12:46
ati anagula loweruka masana kwa wokonza njinga wa kuseri kwa msika, wadazi, wokonda nthabwala

Ine 12:47
fulemu yonyamula mazira osaswa ndi limodzi lomwe. ine ndine wolemera kuposa pamenepo?

Ine 13:05
mwawerenga nonse awiri. ndikuona

Alamu 13:22
alamu tikumane tikambe ngati akulu

Ine 13:23
zaka 22 loweruka lililonse ndimakusiyirani njinga osatembenuka. mukati tcheni chatha ndimagula. mukati dikirani ndimadikira. chemwali wanu tinamuika limodzi. lembani pompano

Alamu 13:40
si ine ndinayambitsa

Alamu 13:41
mwana nena wekha. ine ndatopa

Ine 13:42
mwana uti

Ine 13:50
mayi?

Chisamba 14:16
ndili pa duty

Ine 14:17
ndidikira. minibasi yandiphunzitsa

Chisamba 14:49
[mawu 0:47] Adadi, ndine. Ndinawapempha amalume ndine, iwo anakana kawiri. Ndakuuzani kangati kuti musiye, inu mumangoseka? Mwezi uno wokha ndasambitsa anthu anayi a njinga, awiri sanatuluke. Ambulansi ikalira m'mawa ndimathamangira pakhomo kukaona nsapato za munthuyo. Nsapato, adadi, ngati ndi zanu zakuda zija. Mpaka 7:10 ikwane mulembe kuti ndafika, ine sindipuma. Amayi anapita. Ndatsala ndi inu nokha.

Ine 15:20
unakadya mutu wa malume ako mmalo mobwera kwa ine

Chisamba 15:21
munakamva?

Ine 15:24
ayi. koma ndikanakana ndikukuyang'ana kumaso, iwenso ukundiyang'ana

Ine 15:31
funso limodzi. ya transport umanditumizirayi ikuchokera kuti

Chisamba 15:33
adadi pliz

Ine 15:34
alamu?

Alamu 15:52
zomwe analipira wa mazira ndinapereka kwa mwana zonse. sindinadyepo olo

Ine 16:03
ohoo

Ine 16:05
ndiye sabata yonse ndakhala ndikupatsa kondakitala njinga yanga. lolemba belu. lachiwiri chishalo. lero mwina ndalipira tizitsulo tako tija

Ine 16:06
ndipo ndinathokoza. ndinati ukundisunga

Chisamba 16:08
sorry adadi. ndibwera mawa tikambe

Ine 16:20
yotsala ndakubwezera pa foni yako. kagule nsapato zothamangira pakhomo

LOWERUKA

Alamu 09:10
alamu ndapita kwa wa mazira. wakana kubweza, ati ndi ofesi yake tsopano

Alamu 09:12
ndikumangirani ina. fulemu yabwino ilipo, ulere

Alamu 11:30
lero simubwera? mpando wanu uli pomwe paja

Chisamba 14:02
ndili pakhomo panu pali loko. muli kuti

Chisamba 14:40
[kuimba kosayankhidwa]

Chisamba 15:15
ndasiya sugar ndi sopo kwa aneba

LOLEMBA

Ine 05:51
alonda a ku ofesi andibwereka yawo mpaka mwezi uthe. buleki ndi yakumbuyo yokha, handulo imakokera kumanzere

Chisamba 05:53
adadi ayi

Alamu 05:55
musakwere imeneyo. dzerani kuno kaye, 10 minutes ndamanga buleki

Ine 05:58
wokonza amene ndimamukhulupirira analipo mmodzi

Chisamba 05:59
adadi kunja kukuwaza, msewu ukuterera. ndakugwirani mwendo

Chisamba 06:00
ok kwerani koma raundabauti mutsike

Chisamba 06:14
[kuimba kosayankhidwa]

Chisamba 07:10
mwafika?

Chisamba 07:16
adadi

Chisamba 07:25
amalume imbani inu

Alamu 07:29
ikuitana sakuyankha

Chisamba 07:33
ndili pakhomo la wodi. ambulansi yalowa

Chisamba 07:38
si iwo

Chisamba 07:44
adadi mauthenga onse akuonetsa kuti mwawerenga. 7:40 munali pa foni

Chisamba 07:45
ndakukwiyitsani ndikudziwa. musandikhululukire lero

Chisamba 07:45
ingolembani liwu limodzi lija

Chisamba 08:30
adadi