Dubai ndi Chennai si kutali

Lachitatu, Novembala. Mvula yagwa tsiku lonse, ndipo aliyense wakhalira kundiuza zoti sindingathe.

Amayi adzachitidwa opareshoni ya mtima Lolemba likubwerali ku Chennai, ku India. Achimwene, amene anawaperekeza kuchokera ku Blantyre, andiimbira ine ndikutsika Subway, sitima yapansi panthaka, ku Govan kuno ku Glasgow. "Chemwali, usavutike, kuno n'kutali. Uzingopemphera." Nawonso a manijala kunyumba yosamalira okalamba komwe ndimagwira ntchito ati angandipatse masiku anayi okha, ndipo ati sangandikwanire ulendo wotere.

Nthawi yopuma ndawerengetsa ndekha pafoni. Kuchoka ku Glasgow kukafika ku Dubai ndi maola asanu ndi awiri ndi kanthu. Kuchoka ku Dubai kukafika ku Chennai ndi maola anayi basi, makilomita osakwana 3,000. Maola anayi! Sakufika n'komwe theka la shifiti yanga. Tsiku ndi tsiku ndimasambitsa amayi a eni, ndiye anga adzatsitsimuke pabedi lachilendo osandiona?

Ndauza a manijala kuti, "Anayi omwewo ndipatseni." Tikiti ndagula. Achimwene ndawalembera kuti adzandichingamire Lamlungu. Uthenga awerenga, koma sanayankhe. Asayankhe, dzina la chipatala ndikulidziwa.